Umwini wa Nyumba ndi Mtengo Wake Weniweni m'Chigwa cha Shire

Mawu Oyamba

Munthu akamva nkhani ya nyumba zotsika mtengo, maganizo ake amathamangira kutauni: ku Ndirande, ku Mbayani, ku Mtandire kapena ku Chinsapo, kumene anthu amalimbana ndi lendi mwezi ndi mwezi ndipo aliyense amalakalaka atakhala ndi kanyumba kakekake. Kumudzi timaganiza kuti vutoli kulibe. N'zoona kuti m'midzi ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje n'kovuta kupeza banja lolipira lendi, kupatula pamalo a malonda monga pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula. Pafupifupi banja lililonse limagona m'nyumba yomwe linamanga lokha. Tikangoona zimenezi tikhoza kunena kuti anthu a kuchigwa cha Shire anathana kale ndi vuto lomwe likusautsa anzawo a m'tauni.

Nkhani ino ikuonetsa kuti kuchigwaku vuto la nyumba lilipo, kungoti limabwera mwanjira ina. Azakhali anga, omwe amakhala kutsidya la kum'mawa kwa Shire, amanga nyumba katatu kuchokera m'chaka cha 2015. Nditawafunsa ngati amadziona kuti ndi mwini nyumba, anaseka n'kunena kuti: "Mwananga, ine ndimakhala mwini nyumba m'chilimwe. Dzinja likafika, mwini wake ndi Ruo." Mawu amenewa ndiwo gwero la nkhani ino. Tiona zinthu zitatu zomwe zimachititsa kuti munthu akhaledi mwini nyumba: mphamvu zomwe ali nazo pa malo omwe nyumbayo yakhalapo, kulimba kwa nyumbayo poyerekeza ndi ndalama zomwe angakwanitse, komanso mtunda womwe ulipo pakati pa nyumbayo ndi munda womwe umamudyetsa.

Chigwa cha Shire ndi Anthu Ake

Chigwachi chimayambira kumunsi kwa mathithi a Kapichira n'kukafika kumalire a dziko lino ndi Mozambique, cha ku Marka. Kumeneku ndiko kotsika kwambiri m'Malawi muno. Kumatentha koopsa, makamaka mu Okutobala ndi mu Novembala pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mvula imagwa yochepa. Chodabwitsa n'chakuti dera la mvula yochepali ndilo limavutika kwambiri ndi madzi osefukira, chifukwa madzi a mvula yogwa kumapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Mwanza amatsikira konkuno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje.

Anthu akale kwambiri mwa omwe ali m'chigwachi lero ndi Amang'anja, nthambi ya Amaravi, omwe mfumu yawo yaikulu ndi Lundu ndipo kachisi wawo wa Mbona ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. M'zaka za m'ma 1860 kunakhazikika Amakololo omwe anabwera ndi David Livingstone, ndipo maufumu monga a Kasisi, Katunga ndi Maseya anachokera kwa iwowa. Asena anayamba kulowa mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuchokera kuchigwa cha Zambezi, ndipo ena ambiri anabwera pothawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi ndi nkhondo ya Makombe ya mu 1917. Lero mitunduyi inakwatirana, moti Chisena ndi Chimang'anja zimamveka pakhomo limodzi. Choncho ponena za eni nthaka, nkhani ino ikunena onse omwe amakhala pa malo a makolo pansi pa mafumu, posatengera kuti makolo awo anafika liti.

Malo omwe anthuwa angamangepo nyumba akhala akucheperachepera. Pakati pa zaka za m'ma 1960 kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ya Sucoma ku Nchalo, yomwe inadzakhala m'manja mwa Illovo mu 1997. Chakumadzulo kuli nkhalango zotetezedwa za Majete, Lengwe, Mwabvi ndi Matandwe. Pakati pa chigwa pali madambo akuluakulu a Elephant Marsh ndi Ndindi. Anthu akuchuluka, koma malo ouma omwe atsala ndi kachigawo kopanikizika pakati pa nkhalango, nzimbe ndi madzi.

Tanthauzo la Mawu oti "Mwini"

Pachichewa timanena kuti mwini nyumba, mwini munda, mwini mbumba, mwini mudzi ndi mwini dziko. Pachisena liwu lake ndi mwanachiro. Liwu ndi limodzi, koma mphamvu zomwe likunena pa malo aliwonsewa n'zosiyana. Mwini mbumba sangagulitse alongo ake ndi ana awo. Udindo wake ndi kuwasamala ndi kuwayankhulira pa milandu. Mwini mudzi naye sanagule mudziwo. Iye ndi msungi wake. Umwini wa m'chiyankhulo chathu umayandikira kwambiri ku udindo wosunga chinthu kusiyana ndi ufulu wochigulitsa. Umwini womwe mabanki ndi malamulo olembedwa m'Chingerezi amaudziwa ndi wina: mwini ndi munthu yemwe dzina lake lili pa chikalata, amene angathe kugulitsa chinthucho kapena kuchipereka ngati chikole.

Pa malo a makolo, munthu wofuna kumanga amapatsidwa malo ndi akuluakulu a banja lake kapena ndi nyakwawa. Zipupa ndi denga ndi zake chifukwa ndi thukuta lake, koma nthaka ndi ya banja ndi mudzi. Lamulo la malo la 1965 linkanena kuti malo oterewa ndi a anthu a m'Malawi, osungidwa m'dzina la mtsogoleri wa dziko, ndipo mafumu ankangowayang'anira motsata mwambo. Banja silinkakhala ndi pepala lililonse. Umboni wake unali mitengo ya m'malire, manda a makolo ndi pakamwa pa anthu akuluakulu. Ngakhale nyumba igwe, anthu n'kusamuka, malowo amatchedwa bwinja la akutiakuti, ndipo mudzi umakumbukira.

Tiyeneranso kudziwa kuti kale nyumba payokha sinkawerengedwa ngati chuma chosiyira ana. Inali ya mitengo, dothi ndi udzu, ndipo inkatha pakapita zaka zowerengeka. M'madera ambiri a Amaravi, mwini wake akamwalira nyumbayo inkagwetsedwa. Ngakhale kachisi wa Mbona amamangidwanso mwatsopano akatha. Chokhalitsa chinali malo ndi mbumba. Boma la atsamunda ndilo linayamba kuwerenga nyumba imodziimodzi, litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndipo olephera kulipira nthawi zina ankawatenthera nyumbazo. Kubwera kwa njerwa zootcha, simenti ndi malata kwasintha zonsezi. Nyumba tsopano ndi chuma chachikulu kuposa china chilichonse chomwe banja lakumudzi lingakhale nacho, koma yakhala pa nthaka yomwe mwambo wake unapangidwa nthawi yomwe nyumba inali chinthu chosakhalitsa. Mikangano yambiri ya lero ikuchokera pamenepa.

Ukwati ndi Umwini wa Nyumba

Funso loti nyumba ndi ya yani limayankhidwanso ndi mwambo wa ukwati. Mwambo wakale wa Amang'anja ndi wa chikamwini: mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Mkamwini amaumba njerwa ndi kufolera denga pa nthaka ya eni. Banja likatha kapena mkazi akamwalira, iye amanyamula bulangete lake n'kubwerera kwawo. N'chifukwa chake amuna ena amazengereza kukhoma malata kuchikamwini, ndipo ndalama akazipeza amakonda kugula mbuzi kapena njinga, zinthu zomwe angachoke nazo.

Kwa Asena, mwamuna amapereka malowolo, mkazi amapita kwawo kwa mwamuna, ndipo ana ndi a kuchimuna. Mwambo umenewu wafala kwambiri m'chigwachi, makamaka ku Nsanje. Apa yemwe ali pachiopsezo ndi mkazi. Iye amatunga madzi oumbira njerwa, amasenza mchenga, amazira pansi, mwinanso ndalama ya malata inachokera ku geni yake ya nsomba. Koma mwamuna akamwalira, achibale a malemuwo akhoza kunena kuti nyumbayo ili pa malo a bambo awo. Mayi wopanda ana aamuna akuluakulu omuyankhulira ndiye amavutika koposa.

Lamulo loona za chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Vuto ndi lakuti nyumba sungayizule pa nthaka. Khoti likhoza kugamula kuti nyumba ndi ya mayi wamasiye, koma ngati azilamu ake omuzungulira sakumufuna, moyo wa pakhomopo umamukanika, mapeto ake amachoka yekha. Tikuona apa kuti m'miyambo yonse iwiri muli munthu mmodzi m'banja yemwe amamanga nawo nyumba koma umwini wake umadalira kuti ukwatiwo ulipo.

Kamangidwe ka Nyumba ndi Mtengo Wake

Ofesi yoona za kalembera imagawa nyumba m'magulu atatu: zokhalitsa, zomwe ndi za njerwa zootcha kapena simenti ndi denga la malata, zapakatikati, zomwe mbali imodzi ndi yolimba ina ayi, ndi zachikale, za dothi ndi udzu. Mu 2018 nyumba zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu m'dziko lino zinali za gulu lachitatuli. Kuchigwa cha Shire nyumba zotere, pamodzi ndi za zidina zofolera ndi malata, ndizo zimaoneka kwambiri munthu akangochoka pamsewu wa tara.

Kale zipangizo za nyumba yachikale zinali zongotola. Nsichi ndi mizati zinkachokera ku mitengo ya tsanya yomwe chiswe sichiigwira msanga. Bango linkachokera kudambo, mlaza ndi luzi kutchire, udzu paliponse. Ntchito inali yothandizana, paja mutu umodzi susenza denga. Lero tsanya wambiri watsala m'nkhalango zotetezedwa, momwe munthu akapezeka akudula amamangidwa. Mitengo inathanso kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe dziko lino linalandira anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ku Nsanje othawawo anachuluka kuposa eni boma. Onsewa ankafuna nsichi ndi nkhuni. Masiku ano udzu, mapaso ndi bango n'zogula, ndipo mmisiri amafuna ndalama.

Nyumba yokhalitsa imafuna zambiri. Njerwa amaumba okha ndi chikombole, koma kuziotcha kumalira nkhuni zomwe zikusowazo. Simenti, malata, misomali ndi mawaya zimachokera ku Blantyre, ndipo pofika ku Nsanje, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, mtengo wa mayendedwe umakhala utalowamo. Zambiri mwa zipangizozi mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera kwambiri pomwe ndalama za mlimi wa thonje, chitowe ndi mapira sizinakwere chimodzimodzi.

Pachifukwa ichi anthu amamanga pang'onopang'ono. Chaka chino agulitsa thonje n'kugula malata asanu, n'kuwasunga m'nyumba. Chaka chamawa agulitsa mbuzi n'kuotcha uvuni wa njerwa. Nyumba imatha kutenga zaka zingapo isanathe, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama, chomwe chimasiyidwa kawirikawiri ndi simenti. Njerwa zootcha zimamangidwa ndi dothi, maziko amakumbidwa osaya. Kunja nyumbayo imaoneka yamakono chifukwa malata akuwala, koma mphamvu yake ili pafupi ndi ya zidina. Kumadera a dothi la makande, monga cha ku Ngabu, pali vuto linanso: dothili limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, motero limang'amba zipupa zopanda maziko abwino.

Nyumba Yotchipa Yomwe Imadula

Mu Januwale 2015 madzi osefukira anasowetsa pokhala anthu pafupifupi 230,000 m'dziko lino, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa koposa. Chaka chimenecho mtsinje wa Ruo unasintha njira n'kusiya dera la Makhanga ngati chilumba. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga midzi yambiri ku Chikwawa komanso damu la magetsi la Kapichira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera. Zaka khumi zisanathe, chigwachi chinamira kanayi.

Zifukwa zake zimadziwika. Kumtunda mitengo inatha, choncho madzi a mvula amatsika mwaliwiro atanyamula mchenga womwe umakwirira mitsinje monga Mwanza ndi Thangadzi. Mtsinje wokwiririka umasefukira ndi mvula yomwe kale sinkaopsa. Komanso Ruo akadzaza amalowa mu Shire pa Chiromo ndi mphamvu yoti madzi a Shire amalephera kudutsa, n'kubwerera m'mbuyo kukadzaza madambo ndi midzi yozungulira.

Nyumba ya zidina sifuna madzi othamanga kuti igwe. Madzi akangoima m'mbali mwake tsiku limodzi kapena awiri, zidina za pansi zimafewa n'kusungunuka, chipupa chimakhala pansi, denga n'kutsatira. Banja limataya nyumba, chakudya chomwe chinali m'katimo, ziwiya, mabuku a ana ndi ziweto. Limakakhala pamsasa, kawirikawiri pasukulu, ndipo ana a pasukulupo amaleka kuphunzira. Madzi akaphwa, bambo ndi mayi amagawa mphamvu zawo pakati pa kuumba zidina zina ndi kubzalanso m'munda, nthawi yomweyonso akufunika kuchita ganyu kuti apeze ufa.

Apa ndi pomwe mawu oti "yotsika mtengo" amasocheretsa. Tikawerenga mtengo wa tsiku lomangira lokha, nyumba ya zidina ndiyo yotchipa. Koma tikawerenga zaka khumi, nyumba yomwe yamangidwa katatu kapena kanayi, kuphatikiza katundu yemwe inakwirira nthawi iliyonse, yadya chuma choposa cha nyumba imodzi yolimba. Wosauka amalipira zambiri chifukwa choti sangathe kulipira zonse nthawi imodzi.

Chosangalatsa n'chakuti kulimbitsa nyumba sikufuna kuti yonse ikhale ya simenti. Chivomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma ndi mabungwe anakonza malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Mfundo zake n'zosavuta: kusankha malo okwera, kukweza maziko kuposa pomwe madzi amafika, kumanga mizere yoyambirira ya njerwa ndi simenti, kuyala pepala la pulasitiki pamwamba pa maziko kuti chinyontho chisakwere, kuika khonde lozungulira loteteza zipupa ku mvula, ndi kumangirira denga kuchipupa ndi waya. Zina mwa izi makolo ankazidziwa kale: ankaunda guwa kuzungulira nyumba, ndipo ankamanga nsanja yosungirapo chakudya ndi kuthawirapo madzi akabwera. Matumba ochepa a simenti oikidwa pamaziko amateteza nyumba kuposa malata onse a padenga.

Ndalama Zomangira Zichokera Kuti?

Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, ntchito yake yakhala ya m'matauni ndi pamaboma. Mabanki amakongoza ndalama zomangira nyumba kwa munthu wokhala ndi malipiro a pamwezi ndi chikalata cha malo choti chikhale chikole. Mlimi wa kwa Tengani kapena kwa Makhuwira alibe zonse ziwiri. Vutoli si la kuno kokha. Ku Canada, lamulo limaletsa banki kulanda nyumba kapena malo a eni nthaka okhala m'madera omwe anapatulidwira iwo. Lamulolo limawateteza kuti asataye malo, koma lachititsanso kuti mabanki azikana kuwakongoza ndalama zomangira. Chomwe chimateteza malo a makolo ndi chomwechonso chimatseka chitseko cha banki.

Chomwe anthu akumudzi ali nacho ndi banki m'khonde ndi chipereganyu. Magulu amenewa athandiza amayi ambiri kugula malata pa nthawi yogawana ndalama kumapeto kwa chaka. Komabe ngongole zake ndi zazing'ono, zobweza pa miyezi yochepa, ndipo chiwongoladzanja chake chimayenera geni yobweretsa phindu msanga. Nyumba sibweretsa phindu lotero. Oipitsitsa ndi katapila, yemwe wachititsa ena kugulitsa malata omwe anali atakhoma kale.

Boma linayesapo kulowererapo. M'chaka cha ndalama cha 2014/2015 boma la Peter Mutharika linayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, momwe boma linkalipira theka la mtengo wa zipangizo, theka linalo n'kukhala ngongole. Dera lililonse la phungu linkapatsidwa mabanja pafupifupi 80 pa chaka. Ena anapinduladi, koma chiwerengerochi chinali chochepa poyerekeza ndi ofuna thandizo, panali madandaulo pa kasankhidwe ka opindula, ndipo ngongole zambiri sizinabwezedwe. Mabungwe monga Malawi Red Cross Society ndi Habitat for Humanity amangiranso nyumba zolimba mabanja ena omwe anakhudzidwa ndi madzi. Nyumbazi n'zabwino, koma zimafikira ochepa, ndipo woyandikana nazo sangathe kutengera kamangidwe kake ndi ndalama za m'thumba mwake. Thandizo lomwe lingafikire ambiri ndi lomwe lingalimbitse njira yomwe anthu akutsata kale, yomanga pang'onopang'ono: simenti ya maziko, amisiri a m'mudzi ophunzitsidwa bwino, ndi ngongole zobweza pa nyengo yokolola.

Kumtunda Kapena Kudimba?

Madzi akasefukira, anthu a m'madera ena amafunsa kuti: bwanji osangosamukira kumtunda? Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA yakhala ikulimbikitsa zimenezi, ndipo Freddy atadutsa mabanja ambiri a ku Makhanga ndi madera ena anavomera kusamuka. Koma anthu a kwa Nyachikadza, omwe dera lawo lili m'dambo la Ndindi, akhala akukana kwa zaka zambiri, ndipo ena omwe anasamuka m'madera osiyanasiyana amabwerera. Kunena kuti anthuwa ndi osamva n'kusadziwa moyo wa kuchigwa.

Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za chigwachi, anafotokoza kuti ulimi wa kuno wakhala ukuyenda ndi minda iwiri: mphala, womwe ndi munda wa kumtunda wodalira mvula, ndi dimba, munda wa m'mbali mwa mtsinje wodalira chinyontho chomwe madzi osefukira amasiya. Popeza mvula ya kuchigwa ndi yosadalirika, mphala amakanika zaka zambiri. Dimba ndilo limapulumutsa: madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde yomwe imabereka chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda feteleza. Kudambo komweko kuli nsomba, msipu wa ng'ombe, ndi nyika zomwe anthu amadya njala ikafika povuta. Madzi omwe amagwetsa nyumba ndi omwewonso amadzaza nkhokwe.

Kusamuka kuli ndi zovuta zinanso. Malo a kumtunda ali ndi eni ake, ndipo masiku ano amafuna kulipidwa. Malo omwe osamukawo amapatsidwa kawirikawiri amakwana nyumba yokha, opanda munda. Nyakwawa yomwe yasamukira m'dera la mfumu ina imaopa kuti ufumu wake utha. Manda a makolo amatsala kumadzi. Ndipo wobwera amakhala mwamantha, paja nyumba ya mwini saotchera mbewa: mbuzi yake ikalowa m'munda wa eni dera, amakumbutsidwa kuti iye ndi mlendo.

Mabanja ambiri apeza okha njira yapakati. Amamanga nyumba yeniyeni kumtunda, komwe ana, okalamba ndi katundu amakhala m'dzinja, ndipo kudimba amamangako kachisakasa ka bango kogonamo nthawi yolima. Njirayi imayenda bwino ngati mtunda wa pakati ndi woti munthu angayende pansi, panjinga kapena pabwato, ndiponso ngati banjalo lili ndi chitsimikizo choti malo onse awiri ndi ake. Ndondomeko yosamutsa anthu yomwe ingavomereze makomo awiriwa ikhoza kulandiridwa mosavuta kusiyana ndi youza munthu kuti asankhe pakati pa denga ndi chakudya.

Kulembetsa Malo a Makolo

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, omwe anakonzedwanso mu 2022. Limodzi mwa iwo, la Customary Land Act, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo a makolo n'kulandira chikalata. Ntchitoyi imadutsa m'komiti ya malo ya m'dera la gulupu, momwe theka la mamembala osankhidwa liyenera kukhala amayi. Ku Chikwawa kulembetsaku kwachitika m'madera ena kudzera m'pulojekiti ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mwamuna ndi mkazi akhoza kulembetsa maina awo onse pa chikalata chimodzi, zomwe zingateteze mkamwini ndi mayi wamasiye omwe. Banja lomwe lasamukira kumtunda likhoza kumanga ndi mtima wokhazikika. Koma chikalata sichikweza maziko, ndipo n'zokayikitsa kuti banki ingalandire ngati chikole nyumba ya m'dera lomwe limamira. Palinso chiopsezo choti wochenjera m'banja alembetse m'dzina lake malo a mbumba yonse.

Ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo pamenepa. Malamulowa analembedwa m'Chingerezi, pomwe omwe akuwakhudza amayankhula Chisena ndi Chimang'anja. Womasulira akangonena kuti "mukhala mwini malo", mkulu wa banja amamva kuti akhala msungi monga kale, mnyamata amamva kuti akhoza kugulitsa, nyakwawa imamva kuti yalandidwa udindo, ndipo nkhalamba yomwe inamva za msonkho wa nyumba imaganiza kuti boma likuwerenga malo kuti lidzakhometse msonkho. Mafumu ambiri anatsutsa malamulowa atangotuluka, ndipo mbali ina ya kusamvanako inali ya tanthauzo la mawu. Pakufunika kumasulira kosamala, kosiyanitsa umwini wosunga ndi umwini wogulitsa, m'ziyankhulo zomwe anthu amagwiritsa ntchito pabwalo la milandu la kwa mfumu.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti kuchigwa cha Shire kukhala m'nyumba yomanga wekha sikukwanira kuti munthu atchedwe mwini nyumba. Umwini wake ukhoza kutha ndi imfa ya mnzake wa m'banja, ukhoza kusungunuka ndi madzi a usiku umodzi, ndipo ukhoza kusiyidwa dala ngati nyumbayo ili kutali ndi dimba. Yaonetsanso kuti mtengo wa nyumba uyenera kuwerengedwa pa zaka zomwe nyumbayo yaima. Choncho boma, mafumu ndi mabungwe akamakonza thandizo, ayambire pansi: malo okwera omwe ali pafupi ndi minda, chikalata chokhala ndi maina a mwamuna ndi mkazi, ndi maziko a simenti. Malata akhoza kubwera pambuyo, limodzilimodzi, monga momwe anthu amagulira kale.

Azakhali anga aja tsopano anapeza kamalo kumtunda, ulendo wa maola awiri wapansi kuchokera kudimba lawo. Njerwa anaotcha, ndipo malata omwe anawatola m'matope mu 2023 anawawongola ndi nyundo. Akuyembekeza ndalama ya banki m'khonde ya mu Disembala kuti agule simenti. Akuti ulendo uno sayamba kumanga mpaka simenti ya maziko itakwana, ngakhale zitatenga zaka ziwiri.